Dzanja la malume pa boneti

Malume anga adayendetsa Land Rover ya pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo kwa zaka zambiri, ndipo sindikumbuka tsiku limene adalizapo injini asanatsegule boneti. Kunja kukadali nkhungu, iwo ali kale kutsogolo kwa galimoto, ine pambali pawo ndi chigubu cha madzi ndi kansanza. Galimotoyo inkanyamula tayala la sipeya pamwamba pa boneti, choncho kuitukula kunkafuna manja awiri ndi phewa lomwe. Ankayamba ndi oyilo, kenako madzi a mu lediyeta, madzi a batire, n'kumalizira kudinikiza lamba wa fani ndi chala chachikulu. Akatha apo ankawerenga masipanala awo mokweza mawu, ngati mbusa wowerenga mbuzi polowa m'khola. Sipanala imodzi ikasowa, boneti sinkatsekedwa.

Kutseka kwenikweniko kunali kwa kanthawi kochepa. Thupi la Land Rover linali la aluminiyamu, koma kulemera kwa tayala lija kunkagwira ntchito yonse. Ankatsitsa pang'onopang'ono, n'kusiya, phokoso lake n'kumveka mpaka kumakomboni. Kenako ankalowetsa zala kunsi kwa mlomo wa boneti ndi kukokera m'mwamba kawiri. "Mphwanga," ankatero, "khutu limanama. Funsa dzanja."

Magalimoto a nthawi imeneyo ankalola nkhanza. Peugeot 404 ndi 504, zimene zinkalimba m'misewu yathu ya fumbi mpaka anthu kuzipatsa ulemu wa ng'ombe yapangolo, zinali ndi malata okhuthala. Land Cruiser yakale inali ndi zokowera ziwiri panja, china mbali iyi china mbali iyo, zoti woyendetsa azikoke ndi dzanja n'kuzikoleka. Ukaiwala, aliyense wodutsa ankaona. Pa boneti anthu ankakhalapo pojambulitsa, ankaikapo mbale ya nsima paulendo, kalaliki ankalembera pomwepo malipiro a antchito. Galimoto ikakana kulira, anyamata ankaikankha chobwerera manja ali pa boneti, osasiya chizindikiro chilichonse. Ndiye boneti ikavuta kutsekeka, munthu ankangoitsamira ndi thupi lonse, basi yagwira.

Lero m'misewu mwathu mwadzaza Vitz, Passo, Sienta ndi Probox zochokera ku Japan, zambiri zotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Gogodani boneti ya imodzi mwa izi ndi chala, mumva kupepuka kwake. Ambiri amati azungu ndi Ajapani adayamba kuumira chitsulo. Ine ndidaganizanso choncho kwa nthawi yaitali, koma nkhani yake ndi ina. Kupepuka kumapulumutsa mafuta, inde, koma chachikulu ndi munthu woyenda pansi. Kuyambira mu 2005, ku Japan ndi ku Ulaya kudayamba kugwira ntchito malamulo ofuna kuti kutsogolo kwa galimoto zatsopano kusamavulaze kwambiri mutu wa munthu wogundidwa. Boneti ya lero idapangidwa kuti izilowa mkati ikagundidwa, ndipo pakati pa iyo ndi injini amasiyapo mpata dala. Magalimoto ena, monga Citroën C6 ndi Jaguar XK, adafika pokhala ndi boneti yodzitukula yokha kumbuyo pa nthawi ya ngozi kuti mpatawo ukule. Ndikaganiza za ana a sukulu ndi a kabaza amene timapikisana nawo msewu m'mawa uliwonse, sindingadandaule kuti lata lidachepa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pa mwambo wa akuluakulu aja tidatolapo mphamvu yokha. Imani pa filing'i siteshoni iliyonse muone. Mnyamata wathira madzi, watsitsa boneti mpaka pansi mofatsa, yakana kugwira, ndiye waika zikhatho ziwiri pakati n'kudinikiza. Lata lopyapyala lija limalowa, ndipo dzuwa likapendeka mumaona timaenje tiwiri pamwamba pa chizindikiro cha galimoto. Ikakhala boneti ya aluminiyamu, ngakhale mmisiri wowongola amayamba wapukusa mutu, chifukwa aluminiyamu sabwerera msanga ngati chitsulo. Wina ndiye amaitukula mpaka m'mwamba n'kuimenyetsa ngati chitseko cha mkangano, mahinji ndi loko n'kumavutika.

Njira yake ndi yofatsa kuposa zonsezi. Yambani mwayang'ana mkati: chitsekero cha oyilo chabwerera? Cha madzi chamangidwa? Palibe nsanza kapena sipanala yotsala? Gwirani boneti ndi dzanja limodzi, chotsani kachitsulo kochirikiza, mukakanikize m'kapulasitiki kake mpaka kagwire, chifukwa kakangogonekedwa kamalira njira yonse ndipo nthawi zina kamatchinga boneti. Onaninso kuti palibe mwana waika zala m'mbali. Tsitsani mpaka patsale masentimita 20 kapena 30, pafupifupi kutalika kwa lula ya kusukulu, kenako chotsani manja. Kulemera kwake komweko n'kokwanira.

Loko wa boneti amagwira kawiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Pali kokowera koyamba, kaja mumakafufuza ndi chala potsegula, ndiye pali loko weniweni. Boneti ikagwidwa ndi kokowera kokha imaoneka ngati yatsekeka, koma pamakhala kampata pamwamba pa magetsi, ndipo mukaikoka imagwedera. Zikatero musadinikize. Bwererani mkati, kokani chotsegulira, tukulani, muigwetsenso kuchokera pamwamba pang'ono. Ikakana kachiwiri, vuto si mphamvu yanu. Kawirikawiri ndi fumbi la chilimwe limene lasakanikirana ndi girizi wakale n'kuuma m'loko, kapena waya wa chotsegulira wachita dzimbiri osabwerera, kapena timalabala timene boneti imakhalira tapotokera m'mwamba. Kutsuka loko ndi kupakamo girizi watsopano ndi ntchito ya mphindi zochepa. Magalimoto okhala ndi timipope togwira boneti m'malo mwa kachitsulo amafuna kuti muitsitse ndi dzanja, ndipo opanga amasiyana pa kamalizidwe kake. Buku la galimoto limanena, kungoti mabuku amene timawapeza m'magalimoto athuwa ambiri ndi a Chijapani. Zithunzi zake zokha zimathandiza, musalitaye.

Tsiku lina pa msewu wa M1, pakati pa Dedza ndi Ntcheu, galimoto imene inali kutsogolo kwathu idatsegukira boneti ili pa liwiro. Mphepo idainyamula n'kuimenyetsa pa galasi lakutsogolo. Woyendetsayo adachita mwanzeru: sadaponde buleki mwadzidzidzi, adasuzumira pa zenera lam'mbali, n'kupatuka pang'onopang'ono. Titaima kuti tithandize, tidapeza bambo wachikulire akunjenjemera, galasi litang'ambika ngati ukonde wa kangaude, mkazi wake atafungatira khanda kumbuyo. Adati adaima kuthira madzi chakumbuyoko, ndipo adamva ndithu boneti ikulira potseka. Tidaimanga ndi chingwe kuti akafike pa galaja. Ulendo wonse wotsalawo ndinkangomva mawu a malume.

Magalimoto ena atsopano amayatsa kachizindikiro pa dashibodi boneti ikapanda kugwira. Ambiri mwa amene timayendetsa kuno alibe. Ndipo popeza injini za lero sizivutavuta, munthu amatha miyezi osatsegula kutsogolo, mpaka kuiwala pamene pali chotsegulira. Amene amatsegula ndi kutseka ndi wina: wotsuka galimoto, wa pa filing'i, makaniko. Mwini wake ali pa foni m'kati.

Mwezi watha mwana wa mchemwali wanga adagula Vitz yake yoyamba ndipo adabwera nayo kudzandionetsa. Tidatsegula, ndidamuonetsa poyezera oyilo ndi pothira madzi. Potseka ndidaona zikhatho zake zikulunjika pakati pa lata, ndipo ndidamugwira mkono.

"Ayi, mphwanga. Tukulanso. Fika apa. Tsopano siya."

Idagwa ndi kaphokoso kakang'ono, kosafika n'komwe kwa aneba. Iye adatembenuka kuti azikalowa.

"Sunathe," ndidatero.

Adandiyang'ana, kenako adabwerera, n'kulowetsa zala kunsi kwa mlomo wa boneti, nakokera m'mwamba. Sidagwedere. Adakokanso kachiwiri.