Masiku Atatu ndi Ana Athu ku Senga Bay

Tisananyamuke mu Lilongwe padali mkangano pakati pa ife makolo. Ena ankati ana asapite chifukwa nyanja saseweretsa. Ena ankati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, kotero anyamata ndi atsikana amene akula akuona madzi a pampopi okha ayenera kukaona dziko lawo. Potsiriza tidagwirizana kuti apite, koma akuluakulufe tipite nawo. Tidali makolo 5 ndi ana 12, pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti.

Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa boma la Salima ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Msewu ukatsika mapiri mpweya umayamba kutentha ndipo milambe imayamba kuoneka. Kuchoka pa bomapo tidayendanso makilomita pafupifupi 20 kukafika ku Senga Bay, m'dera la Mfumu Maganga. Chidatilonjera ndi fungo la usipa woyanikidwa padzuwa, mabwato atandandalika pamchenga, ndi chilumba cha Namalenje chikuoneka ngati chili pafupi pomwepa.

Ana atangochiona chilumbacho adayamba kutiumiriza kuti tiwoloke tsiku lomwelo. Tidapita kwa msodzi wina wachikulire amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo.

"Bambo, kodi mungatiwolotse ndi anawa?" tidafunsa.

Iwo adayang'ana kumwera asanayankhe. "Lero ayi, achimwene. Mwera wadzuka. Ndalama zanu sungani, mubwere mawa m'mamawa tidzaone."

Ana adanyinyirika, koma posakhalitsa mafunde adakula mpaka aliyense adakhala chete. Mwera ndi mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, ndipo umalimba kwambiri m'miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti. Madzulo tidawasimbira anawo za sitima ya Vipya imene idamira m'namondwe kumpoto kwa nyanja yomweyi mu Julaye 1946, ndipo anthu 145 adataya miyoyo. Ngati sitima yachitsulo idalephera, nanga bwato lingatani? Nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo malo ena ndi yozama mamita pafupifupi 700.

Komatu chimene chidatiopsa kwambiri chidachitika pafupi ndi gombe, pamene tinkayesa kuti palibe choopsa. Mnyamata wathu wina wa zaka 13 adaona ana a m'mudzimo akusambira ngati nsomba, ndipo adachita manyazi kunena kuti iye sadziwa kusambira. Adawatsatira. Mwadzidzidzi mchenga udatha kumapazi kwake ndipo adayamba kumwa madzi. Sadakuwe n'komwe, pakuti munthu womira nthawi zambiri alibe mpweya wokuwira. Amene adamuona ndi kamnyamata kocheperapo kuposa iye. Sikadamugwire ndi manja, poti womira amakoka womupulumutsa; kadamukankhira chigubu chopanda kanthu, n'kumukokera kumtunda.

Usiku umenewo ena a ife adati tibwerere kwathu m'mawa. Tidakambirana mpaka pakati pa usiku. Tidadzifunsa kuti, kodi chidafuna kumupha mwanayu ndi nyanja kapena kusadziwa? Kamnyamata kaja kadali m'madzi omwewo koma kadapulumutsa mnzake chifukwa kadaphunzira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidati m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Mwana amene tamutsekera m'nyumba lero adzakumana ndi madzi tsiku lina, pamtsinje wosefukira kapena paulendo wa sukulu, ife kulibe.

Tsono tidatsala, koma tidaika malamulo. Aliyense anene poyera ngati sadziwa kusambira. Mwana asalowe m'madzi popanda wamkulu woyang'anira, amene ntchito yake ndi kuyang'ana basi, osati kucheza. Kusambira usiku, pabango, kapena pamene mtsinje ukuthira m'nyanja n'koletsedwa, chifukwa ng'ona ndi mvuu zimakonda malo otere. M'madzi odikha a pabango ndi momwenso mumachuluka nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, tomwe timalowa kudzera pakhungu. Tidagwirizananso kuti tikabwerera aliyense akaonane ndi achipatala, popeza likodzo limachizika ndi mankhwala a praziquantel, ndipo mwana amene waona magazi pokodza asabise.

M'mamawa kutacha nyanja idali bata. Msodzi uja adatipezera boti la injini lokhala ndi majekete oyandamitsa, ndipo tidawoloka magulu awiri kuti lisadzaze. Ku Namalenje ana adaona ng'azi zikuothera dzuwa pamiyala, nkhwazi ikuuluka pamwamba, ndi mbuna za mitundu yowala zikusambira m'madzi oyera. Mtsikana wina amene kusukulu sayankhula ndiye ankafunsa mafunso osatha. Titabwerera, asodzi adawaphunzitsa kugwira nkhafi pamadzi osaya. Mnyamata uja adalowanso m'madzi ofika m'chiuno, manja a bambo ake ali kumsana kwake, mpaka adaphunzira kuyandama chagada. Chimwemwe chimene chidali pankhope yake sitingachigule kusitolo.

Makolo anzathu, sitikunena kuti nyanja ilibe ngozi. Ilipo, ndipo ife tidaiona ndi maso athu. Koma ana athu adabwerako atadziwa kudikira mphepo, kumvera wamkulu wodziwa malo, kuvomera chimene sadziwa, ndi kusamalira mnzawo. Mukafuna kupita nawo, pitani nawo nokha, ndipo musanaponde m'madzi funsani eni dera, pakuti safunsa adadya phula.

Tsiku lobwerera, mnyamata uja adakafunafuna kamnzake kaja n'kukapatsa chipewa chake. Tili m'basi adatifunsa ngati ku Lilongwe kuli malo ophunzirirako kusambira. Tidamulonjeza kuti tikafufuza.