KUGANIZIRA SI UMBONI: PHUNZIRO LOCHOKERA KU KIRIKETI



Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ambirife kuno kunyanja masewero amene timawadziwa ndi mpira wamiyendo ndi wamanja, pamene kiriketi timangoimvera pa wailesi. Koma ku Pakistan, India, Sri Lanka, England, Australia ndi South Africa masewerowa ndi nkhani yaikulu, ndipo Asilamu ambiri adatchuka nawo. M'kope lino ndafuna tikambirane zimene zidachitika m'masewerowa mu Ogasiti 2006, chifukwa muli phunziro la aliyense amene amaweruza anzake, kaya ndi kholo, mphunzitsi, shehe kapena mfumu.

Kiriketi imaseweredwa ndi matimu awiri a anthu 11. Wina amaponya mpira wolimba wokutidwa ndi chikopa, wina n'kumaumenya ndi thabwa poteteza timitengo titatu tozikidwa kumbuyo kwake. Masewero aakulu otchedwa Test amatha masiku asanu, ndipo m'bwalo mumakhala oyimbira awiri. Mpira ukakhala wosalala mbali imodzi koma wokhakhala mbali inayo umakhota uli m'malere, womenya n'kusokonezeka. Choncho malamulo amalola kuupukuta pa buluku, koma amaletsa kuukanda ndi chikhadabo kapena chinthu china chilichonse. Amene wachita zimenezi amayesedwa wakuba.

Pa 20 Ogasiti 2006, pa bwalo la The Oval mumzinda wa London, England ndi Pakistan anali pa tsiku lachinayi la masewero awo, ndipo Pakistan ndiyo inali patsogolo. Masana a tsikulo oyimbira, a Darrell Hair a ku Australia ndi a Billy Doctrove a ku Dominica, adayang'ana mpira nagamula kuti wakandidwa dala. Adausintha, napatsa England mapointi asanu ngati chilango kwa Pakistan. Sadatchule yemwe adakanda mpirawo, ndipo makamera onse a wailesi yakanema amene adazungulira bwalolo sadaonetse munthu aliyense akuchita zimenezo.

Mtsogoleri wa timu ya Pakistan, a Inzamam-ul-Haq, adaona kuti dziko lawo lonse latchedwa lakuba pamaso pa anthu. Nthawi yopuma itatha iwo ndi anyamata awo adakana kutuluka m'chipinda chawo. Oyimbira atadikira adagamula kuti Pakistan yathawa masewero, ndipo England yapambana. Pamene a Pakistan amatuluka pambuyo pake, madzi anali atafika kale m'khosi. Chiyambire masewero a Test mu 1877, aka kanali koyamba kuti masewero athe mwa njira yotere.

Akuluakulu adati umanena chatsitsa dzaye kuti njobvu ithyoke mnyanga. Mkwiyo wa a Pakistan sudayambe tsiku limenelo. Mu 1992 akatswiri awo oponya mpira, a Wasim Akram ndi a Waqar Younis, adagonjetsa England ndi luso lokhotetsa mpira wakale, ndipo nyuzipepala zina za ku Britain zidawanena kuti ndi achinyengo. Koma mu 2005 osewera a England atagwiritsa ntchito luso lomwelo pogonjetsa Australia, adatamandidwa kuti ndi aluso. Komanso a Hair omwewo ndi amene mu 1995 ku Melbourne adagamula kasanu ndi kawiri kuti kaponyedwe ka a Muttiah Muralitharan a ku Sri Lanka n'kosaloledwa. Motero anthu ambiri a ku Asia adakhulupirira kuti mkuluyu amadana ndi mtundu wawo.

Mlandu suwola. Kumapeto kwa Sepitembala chaka chomwecho nkhaniyi idazengedwa pamaso pa a Ranjan Madugalle a ku Sri Lanka, oimira bungwe loyendetsa kiriketi pa dziko lonse la ICC. Atamva mboni ndi kuuona mpirawo, adapeza kuti panalibe umboni wokwanira woti udakandidwa dala, ndipo a Inzamam adapezeka osalakwa pa mlanduwo. Komabe adawaletsa kusewera masewero anayi chifukwa chokana kulowa m'bwalo. Mu 2008 bungwe la ICC lidasintha zotsatira kuti palibe adapambana, koma mu 2009 lidabweza chigamulo chija, ndipo m'mabuku mudalembedwa kuti idapambana ndi England.

Ine nkhaniyi imandikumbutsa zimene tidaphunzira pa malamulo a kaweruzidwe m'Chisilamu. Mtumiki Muhammad (S.A.W.) adatiphunzitsa kuti udindo wobweretsa umboni uli pa amene akuneneza mnzake, osati pa wonenezedwayo. Mabuku a mbiri amatiuza za Khalifa Ali (R.A.) amene adapeza chovala chake chankhondo chili ndi munthu wina yemwe sanali Msilamu. Nkhaniyo idapita kwa woweruza Shuraih. Ngakhale Shuraih amadziwa bwino kuti Ali si munthu wabodza, adapereka chovalacho kwa winayo chifukwa mtsogoleri wa Asilamu onse analibe mboni zokwanira, ndipo Ali adavomera chigamulocho. Ngati mawu a Khalifa sadakwane popanda mboni, nanga maganizo chabe a woyimbira angakwane bwanji?

Kuganizira kuli ndi vuto lakuti sikugwera anthu onse mofanana. Kumathamangira kwa amene tidamva kale mbiri yake, kwa mlendo, kwa wa mtundu wina ndi kwa wosauka. Ku madrasa cholembera chikasowa, ana amaloza msanga mwana yemwe adabapo chaka chatha, kapena yemwe makolo ake ndi obwera. Pa gombe ukonde ukasowa, maso amayamba ndi mlovi wochokera kutali. Ichi n'chifukwa chake Surat Al-Hujurat imatichenjeza za kuganizirana zoipa, imatilamula kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu, ndipo m'surah yomweyo timaphunzira kuti mitundu idalengedwa kuti tidziwane, osati kuti tinyozane.

Tsono muyeso umenewu tiwayesere nawonso a Hair. Mu Novembala 2006 ICC idawachotsa pa masewero akuluakulu. Mu 2007 iwo adakasumira bungweli ku bwalo loona za ntchito ku London, ponena kuti akusankhidwa chifukwa ndi mzungu, popeza mnzawo wakuda uja a Doctrove sadalangidwe. Mlanduwo adausiya okha usanathe. Onani kuti mbali zonse ziwiri zidalira tsankho, koma palibe bwalo limene lidatsimikiza kuti a Hair adachita zija chifukwa cha khungu kapena chipembedzo cha a Pakistan. Chimene tikuchidziwa n'chakuti chigamulo chawo chinalibe umboni wokwanira. Za mumtima mwawo akudziwa ndi Allah yekha. Surat Al-Maida imatiletsa kusiya chilungamo chifukwa chodana ndi anthu, choncho ifenso tikawatcha atsankho popanda umboni, tagwa m'dzenje lomwe adagwamo iwowo.

Mwezi womwewo, pa 7 Ogasiti ku Colombo, padachitika tsankho limene silidafune kufufuza. Wosewera wa South Africa, a Hashim Amla, Msilamu wa ku Durban wosunga ndevu, adawakha mpira umene udatulutsa womenya wa Sri Lanka. Woulutsa mawu pa kanema, a Dean Jones a ku Australia, adawatchula kuti chigawenga poganiza kuti mawu awo sakumveka kunja. Anthu adamva, ndipo a Jones adachotsedwa ntchito. Adapepesa, a Amla n'kuwakhululukira, napitiriza masewero awo osakweza mawu. Awa ndi a Amla omwe ankakana kuvala chizindikiro cha kampani ya mowa pa malaya awo, kusonyeza kuti kufatsa kwawo sikunali mantha. Mu Julayi 2012, pa bwalo lomwe lija la The Oval, adapeza mapointi 311 osatulutsidwa, ndipo adakhala woyamba wa ku South Africa kufika pa 300 m'masewero a Test.

A Inzamam ndimawamvetsa, chifukwa kutchedwa wakuba usadabe kumawawa kuposa kugonja. Koma ndikukhulupirira kuti akadalowa m'bwalo, n'kumaliza masewero, n'kukadandaula pambuyo pake, dzina lawo likadayera chimodzimodzi popanda chilango, ndipo mwina akadapambananso. Sabr sikutanthauza kuvomereza bodza. Ndi kudikira malo ndi nthawi yoyenera kunenera choona. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makolo anzanga, ana athu amasewera mpira pa mchenga madzulo aliwonse, ndipo woyimbira adzalakwitsa ndithu chifukwa ndi munthu. Tiwaphunzitse kumaliza masewero, kugwirana chanza ndi anzawo, ndi kukadandaula kwa oyenera popanda miyala kapena mawu otukwana mtundu wa wina. Ifenso pakhomo mwana akabwera kudzaneneza mbale wake, tiyambe tafunsa kuti, “Kodi waona ndi maso ako, kapena ukungoganiza?” Tikatero, Insha Allah, tidzalera ana odziwa kuweruza mwachilungamo ndi kupirira akaweruzidwa molakwa.

Allah (S.W.T.) atiteteze ku zoganizirana zoipa, ndipo atipatse mitima yachilungamo ndi yopirira. Ameen.