Funso 8 linalipo kawiri

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu kwa Chitukula, m'boma la Lilongwe. Tsiku lina madzulo amalume anga, amene amaphunzitsa bayoloje pa sekondale ina yoyendera ya m'dera lathu, anabwera ndi mapepala atatu olemba pamanja. "Mphwanga, poti uli ku koleji ndipo uli ndi laputopu, unditayipire mayeso awa a Fomu 2. Ana alemba Lachiwiri." Ndinavomera msanga, monyadira ndithu. Kompyuta ndinayamba kuigwira ndili ku sekondale ya mpingo, ndipo ku koleji ntchito zathu zonse timalemba pa Microsoft Word. Mafunso 20 ndi zithunzi ziwiri, cha duwa ndi cha mtima, ndinkaziona ngati ntchito ya ola limodzi.

Vuto linayamba nditaika chithunzi cha duwa pansi pa funso 7. Funso lotsatira, m'malo mokhala 8, linabwerera pa 1. Sindinafune kudziwa chifukwa chake. Ndinachotsa manambala obwera okhawo n'kuyamba kulemba ndekha 8, 9, 10 mpaka kumapeto. Mayankho osankha, A mpaka D, ndinawakankhira mkati pomenya batani lalitali losiyira mpata. Chithunzi chinkakana kupita pamene ndinkafuna, choncho ndinasankha In Front of Text, ndinamenya Enter kambirimbiri kuti ndichipangire malo, n'kuchikokera pamenepo. Pa laputopu yanga zonse zinkaoneka bwino.

Mawa lake amalume anandipatsa funso lina loti ndiliike pambuyo pa funso 3. Ndinaliika, ndinasunga fayiloyo pa fulashi, ndipo iwo anapita nayo pamalo ena osindikizira ndi kupanga fotokope. Anabwerako ndi mapepala 86 atamangidwa mu envelopu. Palibe aliyense wa ife anatsegula kuti aone.

Lachiwiri ndinapita nawo kukathandiza kugawa mapepala. Pasanathe mphindi zisanu mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, funso 8 lilipo kawiri. Ndiponso duwali laphimba mawu." Ndinatenga pepala lotsala ndipo thukuta linandituluka. Chithunzi chinali chitakhala pamwamba pa mizere iwiri ya funso, pansi pake pali malo opanda kanthu. Mayankho osankha anali okhotakhota ngati mizere imene walima mwana. Amalume anatenga choko n'kulembanso funsolo pa bolodi, ndipo mphindi zambiri za ana zinathera pamenepo.

Choipa kwambiri chinaoneka pochonga. Ana ena analemba 8 kamodzi kokha n'kupitiriza ndi 9, motero mayankho awo onse otsatira anasemphana ndi manambala a papepala. Amalume anakhala mpaka usiku akulondola pepala lililonse kuti mwana asataye malikisi pa yankho lolondola. Sanandikalipire. Anangonena kuti, "Mphwanga, mwana akalephera, alephere chifukwa sanawerenge. Asalephere chifukwa cha pepala lathu."

Usiku womwewo ndinatsegulanso fayilo ija, ndipo ndinaimbira mnzanga wa ku koleji amene amadziwa bwino Word. Anandiuza kuti ndidine Ctrl, Shift ndi 8 pamodzi, kapena kachizindikiro ka ¶ kali pa Home. Nthawi yomweyo zobisika zonse zinaonekera. Kadontho kalikonse kanali mpata umene ndinamenya, kamuvi kanali Tab, ndipo ¶ aliyense anali Enter. Pepala langa linali lodzaza timadontho. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti kompyuta sinalakwe. Inachita zomwe ndinaiuza.

Za manambala zinali chonchi. Mafunso oyamba anali pamndandanda umene Word amawerenga yekha, ndiye nditawonjezera funso, la duwa lija linachoka pa 7 n'kukhala 8. Koma 8 amene ndinalemba ndekha anali chilembo wamba, sakanasintha. Njira yake inali yapafupi. Nambala ikabwerera pa 1, umadina batani lakumanja la mausi pa nambalayo n'kusankha Continue Numbering, ndipo ukafuna kuyambira pa nambala ina yake pali Set Numbering Value. Ukafuna mzere watsopano mkati mwa funso lomwelo popanda nambala ina, umadina Shift ndi Enter. Timafunso ta (a) ndi (b) timabwera ukadina Tab kumayambiriro kwa mzere wa mndandanda, ndipo Shift ndi Tab zimakubwezera pa manambala aakulu.

Za kukankhira mawu mkati, ndinaphunzira kuti mpata wa batani lalitali ulibe muyeso umodzi. Umakula kapena kuchepa malinga ndi mtundu wa zilembo. Laputopu yanga imalemba ndi Aptos, mtundu umene Microsoft inaika m'malo mwa Calibri amene anakhalapo kuyambira Word 2007. Kompyuta yakale ikapanda kukhala ndi mtundu umenewo imaikapo wina, ndipo mizere yonse imasuntha. Choyenera ndi kugwiritsa ntchito rula ya pamwamba pa tsamba, kapena Adjust List Indents, n'kupereka muyeso umodzi kwa mafunso onse. Ukatero, funso lalitali likatsikira pamzere wachiwiri, mawu amayambira pansi pa mawu anzake osati pansi pa nambala.

Chithunzi nacho chinali ndi chinsinsi chake. Chithunzi choyandama pamwamba pa mawu chimamangiriridwa ku ndime ina yake, ndipo ukachidina umaona kachizindikiro ka nangula pambali pa ndimeyo. Nangula wa duwa langa anali pa funso lina la m'mwamba. Zilembo zitasintha, mawu a pakati anatalika n'kutsika, malo opanda kanthu aja anatsikanso, koma duwa linatsalira pomwepo n'kuphimba funso. Pa mayeso, njira yodalirika ndi In Line with Text: chithunzi chimakhala pamzere wakewake ngati chilembo chachikulu, ndipo chimayenda limodzi ndi funso lake. Ndinapezanso kuti tsamba langa linali pa Letter, pomwe mapepala amene timagula kuno ndi A4, a masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali.

Sabata yotsatira amalume anabweranso ndi mayeso a Fomu 1. Sindinkayembekeza kuti angandikhulupirirenso. Ulendo uno ndinayamba ndi kuika tsamba pa A4, manambala onse ndinamusiyira Word, ndipo pomaliza ndinasunga fayilo ngati PDF, chifukwa PDF imasunga maonekedwe a tsamba pa kompyuta ina iliyonse. Ndinapita ndekha kosindikiza. Ndinapempha pepala limodzi kaye, ndinakhala pabenchi ndi cholembera, n'kuyankha funso lililonse ngati mwana wa Fomu 1. Nditafika pa funso lomaliza m'pamene ndinawauza kuti apitirize.

Anzanga amene tikuphunzira zauphunzitsi, posachedwa ndife amene tizidzakonza mayeso, mwinanso pasukulu pamene sipadzakhala wina wotitayipira. Ana a Fomu 2 aja akukonzekera mayeso a JCE a MANEB, ndipo amazolowera kuwerenga mafunso kudzera pa mapepala amene aphunzitsi awo amawapatsa. Mtsikana uja analimba mtima n'kukweza dzanja. Ndimaganizira anzake amene anaona 8 wachiwiriyo n'kukhala chete, poyesa kuti iwowo ndi amene sakumvetsa. Kuyambira tsiku limenelo, sindipereka fayilo kwa munthu ndisanadine kachizindikiro ka ¶ kuti ndione zimene ndabisa pansi pa tsamba.