Kavalo: Mlendo Amene Anasanduka Mwini Mudzi

Mphunzitsi wina wa Chichewa, pa sukulu ya m'malire a Dedza, anali ndi chizolowezi chimodzi. Mwana akalemba "hatchi" m'ndakatulo, iye ankafafaniza ndi cholembera chofiira nalemba "kavalo". Ankati hatchi ndi liu lobwereka ku Chingerezi, pamene kavalo ndi la makolo, pakuti ndilo ankalimva kuyambira ubwana wake m'Buku Lopatulika la mu 1922.

M'chaka cha 1986 anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza midzi ya kumeneko. Tsiku lina nkhalamba yochokera ku Angonia inaona kope la mdzukulu wake, nipita kusukulu. "Aphunzitsi," inatero, "mau mwalembawa ndi a Apwitikizi. Iwo ankati *cavalo*." Mphunzitsiyo anatsutsa, koma usiku umenewo sanaone tulo.

Nkhalambayo inanena zoona. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo kavalo analowa m'Chichewa monga analowera mau a nsapato ndi kalata. Nyamayo inali yosowa m'chigwa cha Zambezi chifukwa cha ntchentche ya kashembe, kotero ambiri anadziwa dzina asanaone mwini dzina. Ngakhale liuli liyamba ndi *ka-*, Achewa sanaliike pamodzi ndi kamwana ndi tiana, mau ochepetsa. Analiika m'gulu la galu ndi agalu, nati kavalo, akavalo.

Nalo la Chipwitikizi lili ndi kwao, ku Chilatini *caballus*. Kwa Aroma liu laulemu linali *equus*, ndipo *caballus* anali nyama yosenza katundu, dzina la m'kamwa mwa anthu wamba. Koma lonyozekalo ndilo linabereka *cheval* m'Chifalansa, ndi *chevalier*, msilikali wolemekezeka wokwera pa nyamayo. M'Chichewa linakweranso kachiwiri: omasulira Baibulo analipatsa magaleta a Farao ndi masomphenya a Chivumbulutso, mpaka linamveka lakale ndi lolemera. Ulemu wake unachokera ku malo amene linakhalamo nthawi yaitali.

Mphunzitsi uja anavutika kwambiri poganizira ana amene anawachotsera malikisi kwa zaka zambiri pa mlandu umene liu lake lokondedwa linali nao. Lolemba lotsatira analemba mau onse awiri pa bolodi, nauza anawo kumene lililonse linachokera. Kavalo sanaleke kumkonda, ndipo m'ndakatulo zake ankamlembabe. Koma mwana wolemba hatchi ankangomufunsa chifukwa chimene wasankhira liulo, ndipo yankho likamveka, ankachonga.