Kodi Mpirawo Unaima Kapena Unali Kuyenda?

Pa masewera onse amene timachita pano pa seminale nthawi yopuma, amene amautsa mikangano kwambiri ndi mpira wa patebulo. Kwa inu makolo amene simunauonepo, ndi bokosi lokhala ndi zitsulo zisanu ndi zitatu, zinai mbali iliyonse. Pa zitsulozo pali tizidole timene timamenya kampira. Chitsulo cha pakati chili ndi tizidole 5, chakutsogolo chili ndi 3.

Bungwe la ITSF, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2002 ndipo likulu lake lili ku Nantes m'dziko la France, ndilo limayendetsa mipikisano ya masewerawa. Lamulo lake lina limati mpira ukaima kapena ukapanikizidwa pa chitsulo cha pakati, sungaupatsire molunjika ku chitsulo chakutsogolo. Uyambe wakhudza tizidole tiwiri, ndipo uperekedwe ukuyenda. Nthawi youkhalitsa pamenepo ndi masekondi 10 basi.

Tsono vuto lagona pa liu limodzi ili: kuima. Mpira woyenda pang'onopang'ono ngati nkhono, kodi waima? Wotchinga amati waima, wopatsira amati ai. Woimbira tilibe. Ine ndaonapo abwenzi awiri odyera mbale imodzi akutha sabata lathunthu osalankhulana chifukwa cha chigoli chimodzi chokha.

Kwathu ku Ntaja, m'dera la mfumu Kawinga, ndaphunzira kanthu kwa akuluakulu osewera bawo. Mlendo akabwera, kaya wachokera ku Balaka, amayamba afunsana kaseweredwe asanagwire njere. Nafenso tizitero. Tisanaponye mpira tizigwirizana kuti kuima n'kutani, chifukwa madzi akatayika saoleka.

Komabe kugwirizana pakokha sikukwanira. Amene amadziwa zoona ndi uja wagwira chitsulo. Maso a oonerera akhoza kunamizika, koma dzanja limamva mpira ukafa pansi pa chidole. Ine ndimaona kuti mwini dzanjayo ndiye ayenera kunena yekha kuti, "Unaima, achimwene, tengani," ngakhale chigoli chitayike.

Anzanga, wosewera wotere ndi amene tonse timalimbirana kusewera naye. Amene amakana zomwe dzanja lake lamva akhoza kupambana lero, koma mawa akafika patebulo adzapeza aliyense akuti watanganidwa.