NSOMBA ZA KU FEIRA ZILI NDI ULENDO WAUTALI

Tambala asanalire, azimai ogulitsa nsomba m'misika ya ku Chawama, Kanyama ndi Mtendere amakhala atanyamuka kale, masaka ali m'manja, ndalama atamanga pa citenje. Ulendo wao ndi wa ku Luangwa, tauni imene akulu-akulu amaichabe Feira, pamene mtsinje wa Luangwa umathira m'Zambezi. Tsidya la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe.

Kucokera mu Lusaka basi imatsata mseu wa Great East makilomita oposa 200 kukafika pa mlatho wa Luangwa. Isanafike pamenepo imatsika mapiri a Manenekela, pamene mseu ndi wokhota-khota ndipo ngozi zatengapo miyoyo yambiri. Pafupi ndi mlatho njira imapatukira kumwera, makilomita ena pafupi-fupi 90. Mseu umenewu kale unali wa fumbi, koma Boma linauika tala pambuyo pa caka ca 1912 kuonjezapo zana limodzi, ndiko kuti 2012.

Dziko la ku Feira ndi cigwa cotentha. Mvula imagwa yocepa, ndipo cimanga cikapulumuka ku dzuwa cimakumana ndi njobvu. Ndico cifukwa cace mabanja ambiri amadalira bwato ndi ukonde, ngakhale m'madzimo muli mvuu ndi ng'ona. Cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa Dziko a Hakainde Hichilema anacicha tsoka la dziko lonse pa 29 February, cinangoonjezera njala pa njala.

Nthawi yowawitsa ndi kuyambira pa 1 December kufikira kutha kwa February, pamene Boma limaletsa kupha nsomba kuti ziswane. Maukonde amapacikidwa, amalonda safika, ndipo wogulitsa nsima ndi mwini nyumba ya alendo amasowa wogula. Ku Lusaka nakonso mtengo wa nsomba zouma umakwera, ana nadya nsima ndi ndiwo zamasamba.

Lamuloli ndi lowawa, koma msodzi wopha nsomba ya mazira amadya mbeu yace. Mai wa ku Chawama ndi msodzi wa ku Feira amadyera m'mbale imodzi: mtsinje ukatha nsomba, onse awiri adzagona ndi njala.