Mbale Yoyera ya pa Nyanja ya McIlwaine

Ife amene tinakulira ku Mufakose, ana a anthu ochoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito ku Halale, nyanja imene tinkaidziwa ndi maso inali McIlwaine. Ya kumudzi ija tinkangoimva m'kamwa mwa makolo. Amalume anga, obadwira ku Nkhotakota, ankati ili ndi damu chabe, poti anthu ndiwo anatseka mtsinje wa Hunyani mu 1952 kuti mzinda wa Salisbury upeze madzi akumwa. Komabe iwo omwewo ndiwo ankaikonda kuposa tonsefe, ndipo ndiwo anandipezera ntchito yoyendetsa boti la anthu oyeza madzi, m'zaka za m'ma 1970.

Tinkanyamuka m'bandakucha, nkhwazi zikulira kutsidya. M'botimo munkakhala mabotolo olembedwa manambala, chingwe chokhala ndi mfundo, ndi mbale yoyera yathyathyathya imene ankaitcha Secchi. Mbaleyo tinkaitsitsa pang'onopang'ono, ine maso ali pamadzi, mpaka itasowa. Kenako n'kuwerenga kutalika kwa chingwe chimene chamira. Madzi akakhala oyera, chingwe chinkalowa chambiri. Akadzaza ndere, mbale inkazimirira ingolowa kumene. Pa zida zonse za m'botimo, chimenechi ndi chomwe ndinkachikonda, chifukwa chinkadalira maso anga, ndipo anthu ophunzira aja ankalemba m'buku zimene ine mwana wa m'lokeshoni ndanena. Panalinso botolo lotunga madzi a pansi penipeni. M'nyengo yotentha madzi amenewo ankabwera ozizira, akununkha mazira oola, chizindikiro choti pansipo mpweya umene nsomba zimapuma watha.

Mayi wina wa ku yunivesite, munthu wodekha wosadzikweza, anandiitana tsiku lina kuti ndisuzumire m'makina awo okulitsa tinthu tating'ono. "Bwerani, bambo, mudzaone zimene timasaka," anatero. M'dontho limodzi lokha munali timibulu tobiriwira tounjikana mosawerengeka. Anati dzina lake ndi Microcystis, mabakiteriya amene amadzipangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Ali ndi timatumba ta mpweya towayandamitsa. Kukachita bata amakwera pamwamba, ndipo kamphepo kakawomba kamawakankhira kugombe limodzi, kumene amaunjikana ngati penti wobiriwira amene watayika. Apo ndiye pa ngozi, chifukwa chiweto chimamwera m'mphepete momwemo, ndipo poizoni wake amawononga chiwindi.

Amalume sanasuzumirepo m'makina aja, koma nkhani ya mphepo ankaidziwa kale. Ankati akaona kumene yawombera usiku, m'mawa n'kuuza anyamata oweta ng'ombe kuti lero musamwetse mbali iyi. Mayi uja atamva zimenezi anakhala nawo pansi pa mtengo nthawi yaitali, iye ndi kope lake, iwo ndi fodya wawo, akufunsana za madzi. Amalume anaifotokoza nkhaniyo mpaka ukalamba wawo.

Vutolo linali lisanayambe dzulo. Mu 1966 dokotala wina dzina lake Zilberg analemba kuti ana a m'madera omwa madzi a McIlwaine ankadwala m'mimba chaka ndi chaka panyengo imene ndere zikuola, pomwe omwa madzi ochokera kwina sankadwala chotero. Ana amene anawawerenga anali a azungu okha. Athu a m'malokeshoni sanalowe m'mabuku amenewo, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Chodyetsa nderezo chinkadziwikanso. Mzinda uli kumtunda kwa nyanja imene umamwa, choncho madzi ochokera m'zimbudzi, ngakhale atatsukidwa ku Firle ndi ku Crowborough, ankatsika ndi mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba atasenza phosphorus ndi nitrogen, zomwe zimanenepetsanso chimanga m'munda.

Zimene zinachitika pambuyo pake ndi zomwe ndimafuna adzukulu anga azimve. Akuluakulu a mzinda anamvera manambala a m'mabuku aja. Analeka kuthira madziwo m'mitsinje, nayamba kuwapopera m'mafamu a msipu, monga ya Crowborough pafupi ndi kwathu. Udzu unkadya chonde chija, ng'ombe zinkadya udzuwo, nyanja n'kupuma. Sizinasinthe tsiku limodzi ayi. Koma chaka ndi chaka chingwe chinayamba kulowa chambiri m'manja mwanga, ndipo ndikatchula nambala, mayi uja ankamwetulira asanalembe. Loweruka tinkabwera ndi mbedza ndi nyongolotsi, kugwira nsomba zimene amalume ankaumirira kuti sizingafike pa chambo cha kwawo, uku akupempha ina. Mu 1982 kunatuluka buku lonse, lokonzedwa ndi Thornton, lofotokoza kudwala ndi kuchira kwa nyanjayi. Anthu a maiko ena ankaphunzirapo.

Ufulu utabwera, mtsinje unatchedwa Manyame, nyanja n'kukhala Chivero, Salisbury n'kukhala Harare. Harare ndi Chitungwiza zinakula kuposa mapaipi ake, namasupuni anaphimba magombe, ndipo mu 1996 nsomba zinafa zambirimbiri. Pulofesa Christopher Magadza anachenjeza za nyanjayi kwa zaka zochuluka. Mu Disembala 2024 bungwe loona za nyama zakutchire la ZimParks linalengeza kuti zipembere zinayi zafa zitamwa madzi a ndere zapoizonizi, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu ndi nkhwazi, ndipo usodzi unaletsedwa. Za nkhwazizo ndi zimene zinandigwetsa misozi.

Ndinadzamva nditakula kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse linaika malire mu 1998: poizoni ameneyu asapitirire microgram imodzi mu lita ya madzi akumwa. Ndinamvanso kuti kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Mayi wa ku Mufakose amene amawiritsa madzi poopa kolera, pokumbukira anthu oposa 4,000 amene anafa m'dziko muno mu 2008 ndi 2009, amachita bwino, koma ayenera kuuzidwa kuti ndere nzosiyana ndi kolera. Masiku ano akuti ngakhale makina ouluka m'mlengalenga amajambula kubiriwira kwa nyanja, ndipo ndikuyamikira. Ine chimene ndikupempha n'chakuti boti lizituluka sabata ndi sabata monga kale, ndipo zimene apeza azizinena pa wayilesi monga amanenera za mvula, m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chichewa momwe, kuti msodzi wa ku Norton ndi mnyamata woweta mbuzi adziwe gombe loti alipewe sabata imeneyo.